Mgolo Umene Unasambitsa Apongozi Anga

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Amene anayambitsa mwambi umenewu sanafikeko ku Misuku chaka chimene ine ndinali mlangizi wa khofi kumeneko, chifukwa langa linanunkha mpaka kutsidya kwa chigwa, ndipo ena amati ngakhale a ku Tanzania anatseka mazenera. (Zimenezo ndi zowonjezera za anthu, koma sindingalumbire kuti ndi bodza.)

Inali nthawi ya chipani chimodzi, chakumapeto kwake, masiku amene munthu usanapite kumsika unkayamba wasisita m'thumba kuti umve ngati khadi la chipani lilimo. Ine ndinali mnyamata wa ku Dowa, nditangomaliza maphunziro a zaulimi, ndipo ndinafika ku Misuku ndi sutikesi, tayi ndi mtima wodzimva. Kwathu munthu umaona kumene ukupita. Ku Misuku akakulozera nyumba n'kunena kuti ndi pompa, umakafika thukuta lili kamukamu, utatsika chigwa, utakwera phiri, mvula itakupeza kawiri panjira. Ndinaphunzira kunena kuti "mwaghona" popereka moni ndi "ndagha" pothokoza, ndiye ndinkadziona ngati ndamaliza chinenero chonse.

Mkulu wa kalabu ya alimi a khofi kumene ndinkagwira ntchito anali bambo Kabaghe, munthu wamtali, wadazi, wosathamangira kuyankhula, amene anagwirako ntchito kumigodi ku Zambia ali mnyamata. Khofi wawo anali wosiririka. Koma ndisakunamizeni kuti ndinkapita kwawo kawirikawiri chifukwa cha khofi. Anali ndi mwana wamkazi, Tupokiwe, amene ankathandiza kusankha khofi pamalo osendera, ndipo mtsikana ameneyu akaseka ine ndinkaiwala dzina la tizilombo timene ndabwera kudzafotokoza. Tinagwirizana. Ndinatuma a Nyondo, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yapafupi, kuti akandinenere kwa makolo monga mwa mwambo wakumeneko. A Nyondo anabwerako ndi yankho losakoma komanso losawawa. Akuti bambo Kabaghe sanakane, sanavomerenso. Anangoti mnyamata wa kumwera ameneyu alibe ng'ombe, alibe munda, ali ndi pakamwa pokha, ndiye aone kaye ntchito ya manja ake.

Mawu amenewa anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinkagona nawo, ndinkadzuka nawo.

Mwayi woonetsa manja angawo sunachedwe. Feteleza wa m'sitolo anali atayamba kuvuta kupeza, ndipo kulikulu kunamveka zoti ogula khofi akunja ena akufuna khofi wolimidwa ndi manyowa okhaokha. Anati kalabu iliyonse imene ikupanga manyowa moyenera idzayenderedwa, ndipo akakhutira adzaipatsa chiphaso chotsimikiza kuti manyowa ake ndi ovomerezeka. Bwana woyendera anali woti adzachokera ku Mzuzu. Pamsonkhano wa kalabu ndinaimirira, ndinakonza tayi, n'kulengeza kuti milu ya kompositi aliyense adzaonetsa, koma ife tidzaonetsa chinthu chimene Misuku sinachionepo, manyowa amadzi. Ndinati chionetsero chidzachitikira m'munda mwa bambo Kabaghe. Iwo anangoti, "Yewo, alangizi. Tidzaona."

Tsono m'buku limene tinkaphunzira kusukulu nkhani yake ndi yosavuta. Umatenga mgolo wotsegula pamwamba, kuthiramo madzi, kumizamo thumba la ndowe, n'kuphimba ndi chiguduli kuti ntchentche zisalowe. Basi. Ndinkazidziwa bwinobwino, ndipo pamayeso ndinakhoza. Koma nditaganizira za bwana wochokera ku Mzuzu, pagalimoto ya boma, kudzaona mgolo wofunda chiguduli ngati wodwala malungo, mtima wanga unakana. Ndinadzifunsa kuti kodi chinthu chovomerezeka chimaoneka bwanji? Feteleza wa m'sitolo amabwera m'thumba losoka. Mankhwala opopera khofi amabwera m'botolo lomata. Chilichonse chimene boma lavomereza chimabwera chotseka, chifukwa chotsegula ndi cha kumudzi. (Nzeru zimenezi ndinaziganiza ndekha, popanda wondithandiza, ndipo ndinadzitamandira nazo kwambiri.)

Ndinapeza mgolo wachitsulo kwa wamalonda wina amene ankaoloka malire, iye ankautchula kuti pipa. Unali wa mafuta, wotseka mbali zonse, wokhala ndi kabowo kamodzi ka chitsekero chopota. Ndinautsuka, ndinaupaka penti wakuda kuti uzioneka waulemu, ndipo pambali ndinalembapo ndi penti woyera kuti MANYOWA A MAKONO. Kenako ndinayamba kuudyetsa. Ndowe za ng'ombe ndinazisungunula m'ndowa n'kumathira pakabowo paja. Ndinawonjezera zitosi za nkhuku. Poona kuti ku Misuku kumazizira ndipo tsiku la bwana likuyandikira, ndinaopa kuti sapsa msanga, choncho ndinathiramo makoko a khofi ongosenda kumene, nthochi zakupsa kwambiri, ndi masese amene ndinapempha kwa mayi wina wofulula mowa. Mayiyo anandifunsa ngati ndayamba kuweta nkhumba, ine n'kumuyankha kuti ndi za sayansi.

Nditadzaza mpaka pakhosi, ndinakulunga chitsekero ndi mphira wa chubu cha njinga, ndinachipota ndi sipanala mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, n'kuugubuduzira mgolowo pamalo owomba dzuwa kuseri kwa nyumba yanga. Ndinanunkhiza ponseponse. Panalibe kafungo ngakhale pang'ono. Ndinaima chapatali, manja m'chiuno, ndikuuyang'ana ngati mwana wanga woyamba.

Patapita masabata angapo mgolo unayamba kusintha maonekedwe. Pamwamba pake, pamene panali pophwatalala, panatukuka ngati chitumbuwa. Pansi paponso panatukuka, moti sunkakhazikikanso bwino, unkangogwedera ukaukhudza. Masana dzuwa likatentha unkalira kuti "dung'u" pawokha, nkhuku n'kubalalika. Tsiku lina Tupokiwe akudutsa ndi dengu la khofi pamutu anaima, anauyang'ana, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati mgolo wanga uli ndi pakati komanso ngati bambo wake akudziwika. Ndinamuuza mwaulemu wonse wa munthu wophunzira kuti imeneyo ndi mphamvu ya manyowa ikusonkhana. Anaseka mpaka anagwira dengu ndi manja awiri. Ine ndinamva kukoma kuti ndamuseketsa, osaganizako china chilichonse. Safunsa anadya phula, koma ine ngakhale wofunsa ndinalibe naye ntchito, poti mlangizi ndinali ine.

Tsiku linafika. Kunacha bwino, kopanda ndi kamtambo komwe, zimene ku Misuku ndi zachilendo, ndipo ine ndinati Mulungu ali mbali yanga. Vuto linali limodzi. Mgolo unali kwanga, pamtunda, ndipo munda wa bambo Kabaghe unali kumunsi, njira yake yoti ngakhale mbuzi imayamba yaganiza. Amuna a m'kalabu anabwera ndi zingwe. Tinaugoneka, tinaumanga, tinayamba kuutsitsa pang'onopang'ono, ena kutsogolo, ena kumbuyo, ine ndikulamula. M'kati munkamveka khuvukhuvu. Titafika pakati pa mtsetse chingwe china chinaduka, chinzake chinapulumuka m'manja, ndipo amene anali kutsogolo anadumphira m'mbali aliyense kuitana mayi ake m'chinenero chake.

Abale, mgolo uja unathamanga. Unkagunda mgula n'kudumpha, kutera, kugundanso wina, zilembo zanga zoyera zikungozungulira. Ine pambuyo pake, tayi ili kumsana, ndikukuwa kuti augwire, ngati kuti alipo munthu wobadwa kwa mayi amene akanaima kutsogolo kwake. Mwamwayi sunathyole khofi ngakhale mtengo umodzi. Unakaima pa phata la nthochi, m'mphepete mwenimweni mwa munda wa bambo Kabaghe, pafupi ndi pamene anakonza mabenchi a alendo. Anthu anaomba m'manja. Wina anati manyowa amenewa ndi amphamvudi, akudziwa okha kumunda.

Tinauimika. Unali wofunda ngati munthu, ndipo ukayika khutu unkamva kulira kwa njuchi. Apa munthu wanzeru akanaima kaye. Ine ndinaupukuta fumbi ndi mpango n'kumangapo kansalu pachitsekero kuti pakhale chomasula.

Masiku amenewo kunalibe chochitika chopanda chipani, ngakhale kutsegulira chimbudzi cha pasukulu. Amayi anabwera atavala nsalu zawo za chipani, zija zokhala ndi nkhope imene tonse tinkaidziwa, ndipo anaima m'mphepete mwa nthochi akuimba. Tcheyamani wa chipani wa m'deralo anabwera ndi baji pachifuwa. Bwana wa ku Mzuzu anafika wapansi, galimoto ataisiya kumtunda, nsapato zili m'matope. Bambo Kabaghe anatulukira atavala suti yoyera imene anagula kumigodi, imene anthu ankati imatuluka m'bokosi pa ukwati ndi pa Khirisimasi pokha. Nditaiona sutiyo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati munthu savalira suti yotere mnyamata amene akufuna kumukana.

Kenako zoyankhula zinayamba. Tcheyamani anathokoza boma chifukwa cha mtendere, chifukwa cha mvula, chifukwa cha misewu, chifukwa cha khofi, ndipo atamaliza anayambiranso m'Chitumbuka kuti onse amve. Dzuwa linakwera. Mgolo wakuda uja unali poyera, ukumwa dzuwa lonse la tsiku limenelo. Pakati pa mawu a tcheyamani unalira kuti "dung'u", iye n'kuima pang'ono, kuyang'ana uku ndi uku kuti aone amene wamudula mawu.

Itafika nthawi yanga ndinayankhula ngati wailesi. Ndinati manyowa awa ndi otsekedwa mwaukhondo monga katundu wa m'sitolo, sanalowemo ntchentche kapena mpweya, ndipo palibe dzanja limene lawakhudza chitsekereni. Ndinatenga sipanala ndi manja awiri n'kupereka kwa bwana wa ku Mzuzu kuti atsegulire. Tcheyamani anatsokomola. Anati m'dera lake palibe chimene chimatsegulidwa chipani chili chikhalire. Bwana uja, amene nthawi yonseyi ankangoyang'ana mimba ya mgolo, anavomera msanga modabwitsa. Anati ndi zoona ndithu, ulemu upite kwa eni dera, ndipo anabwerera m'mbuyo, anabwereranso, mpaka anakaima kuseri kwa mtengo wa mapeyala. (Ndinaganiza kuti ndi munthu wodzichepetsa. Panopa ndimadziwa kuti anali munthu amene anamvetsera m'kalasi.)

Tcheyamani anayesa kupota, chitsekero osasuntha. Anayesanso, nkhope inafiira, amayi akuimbabe. Pofuna kuthawa manyazi analengeza kuti chipani chimalemekeza alimi, choncho ulemu womaliza ukupita kwa mwini munda. Bambo Kabaghe anapinda manja a suti pang'ono, anagwira sipanala ndi manja aja a kumigodi, anawerama, nkhope ili pamwamba penipeni pa chitsekero. Ine ndinaima pambali pawo nditanyamula kheni yothirira, ndikumwetulira kuti Tupokiwe andione.

Poyamba kunamveka kamluzu. Kenako phuu!

Chitsekero chija sitinachipezenso mpaka lero. Mwamwayi chinadutsa pambali pa khutu la mdalayo. Koma zimene zinkachitsatira sizinaphonye. Chinatuluka chimtsinje chobiriwira, chathovu, chinawamenya bambo Kabaghe kuyambira pachibwano mpaka padazi, chinapitirira kumwamba kuposa nthochi pang'ono, chinaima m'malere ngati chikuganiza, kenako chinayamba kugwa ngati mvula pa msonkhano wonse. Za fungo sindinena. Masabata onse aja amene sindinamve kanthu, linali likundisungira.

Apa mpamene ndinaona kuti anthu a ku Misuku ndi mvula amadziwana. Amayi aja sanakuwe kapena kuthawa. Aliyense anangotambasula dzanja, thyo tsamba la nthochi, n'kudziphimba monga amachitira mvula ikawapeza panjira, moti nsalu za chipani zinapulumuka zonse. Ndikuthokoza Mulungu ndi nthochi za bambo Kabaghe mpaka lero, chifukwa dontho limodzi likanagwera pankhope ija, nkhani ino bwenzi mukuimva kwa ena. Tcheyamani naye anaphimba baji ndi manja onse awiri, nkhope yake n'kuisiya kuti ione yokha chochita.

Mvula ija inatha. Bambo Kabaghe anali chiimire, sipanala ili m'manja, maso okha akuphethira. Suti yoyera ija inali itasanduka mtundu umene ulibe dzina. Ine mutu unasokonekera. Ndinataya kheni, ndinavula tayi, n'kuyamba kuwapukuta kumaso. Tayi itanyowa ndinapitiriza ndi manja, ndinakwera mpaka padazi, ndikusisita mutu wa munthu wamkulu, pagulu, munthu amene ndinkafuna kuti akhale apongozi anga, amene mwa mwambo sindinkayenera ngakhale kukhala nawo pa benchi imodzi. Ndinamva amayi akuti "aa-aa" pansi pa masamba awo, koma manja anga sankaima.

Iwo anandigwira dzanja modekha n'kulitsitsa.

"Alangizi, lekani," anatero. "Ine si khofi."

Woyamba kuphulika anali Tupokiwe. Anayesa kubisa nkhope m'tsamba, koma tsamba lonse linkanjenjemera. Kenako amayi onse, kenako amuna, mpaka tcheyamani amene, akulavula. Anthu anaseka mogwira m'mimba, ena anakhala pansi. Amene sitinaseke tinali awiri, ine ndi bambo Kabaghe. Iwo anaika sipanala pamgolo, anatembenuka, n'kumapita kumtsinje pang'onopang'ono, anthu akuwapatukira njira mofulumira kuposa masiku onse.

Bwana wa ku Mzuzu anatuluka kuseri kwa mtengo ali wouma ngati chikonyo. Anatenga kamtengo, anaviika m'zotsalira, anayang'ana, n'kunena kuti manyowawo ngabwino ndithu, apsa, kungoti kathiridwe kake boma silinakavomereze. Anati adzabweranso tikadzapanga m'mgolo wotsegula wophimba ndi chiguduli, ndipo anandifunsa motsitsa mawu ngati tsamba limenelo linali long'ambika m'buku langa. Anabweradi patsogolo pake ndipo kalabu inalandira chiphaso chake. Koma tsiku limenelo za chiphaso ndinalibe nazo ntchito. Ndinkangoona msana wa suti ija ukutsikira kumtsinje, ndipo ndinadziwa kuti Tupokiwe wapita nawo.

Ndinadzitsekera m'nyumba. Ndinkatuluka pokhapokha ndikaona kuti panjira palibe munthu, koma ana a sukulu ankandipezabe, akandiona ankangoti "phuu" n'kuthawa. Ndinayamba kuganiza zopempha kuti andisamutsire kwina kulikonse, ngakhale ku Nsanje. Chimene chinkandipweteka kwambiri si manyazi ayi, koma kuti mtsikana amene ndinkamufuna ndi mtima wonse ndinamutaya ndi manja anga, chifukwa chonyoza chiguduli.

A Nyondo ndi amene anadzanditulutsa. Anati walira mvula walira matope, ndipo munthu sathawa mlandu asanaumve. Anandigulitsa tambala wawo wamkulu kuti ndikapepesere, tinatsika njira yomwe ija, mabala a mgolo akuonekabe m'migula. Tinawapeza bambo Kabaghe atakhala pampando pakhonde. Suti ija inali pachingwe, itachapidwa kangapo, ili ndi mtundu wa tiyi wothira mkaka pang'ono. Ndinakhala pansi chapatali, mutu uli pansi, a Nyondo akundiyankhulira. Anayankhula nthawi yaitali. Tambala naye anayankhulako. Bambo Kabaghe ankangoyang'ana suti yawo, mpaka ine ndinayamba kulakalaka atangonditukwana kuti zithe.

Pomaliza anayankhula, osayang'ana ine koma a Nyondo, mwa Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka.

"Aphunzitsi, ine ndaganiza chomene. Mnyamata uyu ndikamukana, apita kwawo ku Dowa. Akakwatira kumeneko, akabala ana, ndipo madzulo alionse azikawauza za mdala wa ku Misuku amene anamusambitsa ndowe n'kumusisita dazi. Dzina langa likafika kumene ine sindinafikeko. Koma mkamwini sanganene nkhani yotere ya apongozi ake. Ndiye munthu uyu sangachoke pano. Akhale wa m'nyumba muno, kuti pakamwa pake nditseke ine."

Sindinamvetse msanga. A Nyondo anachita kunditsina. Kuseri kwa chitseko ndinamva kuseka kumene ndinkakudziwa bwino, ndipo misozi inangoyamba kutsika yokha, ine mlangizi wathunthu, nditakhala padothi, tambala ali m'khwapa.

Pangano ndinalisunga. Zaka zonse zimene apongozi anga anali moyo sindinaitchule nkhaniyi kwa munthu, ngakhale kwa abale anga ku Dowa. Amene sanasunge ndi iwo. Paukwati wathu anaifotokoza okha, atavala suti ya mtundu wa tiyi ija. Anaifotokoza pa zikondwerero za ana athu, pamisonkhano ya kalabu, kwa mlendo aliyense wodzaona khofi, ndipo nthawi zonse ankandikhazika pafupi kuti ndikhale mboni yosaloledwa kuyankhula. Chaka chilichonse manyowa aja ankakwera. Anayamba ndi kupitirira nthochi, kenako mtengo wa mapeyala, kenako bulugamu wa kutchalitchi. Ndikayesa kutsegula pakamwa ankangokweza chala, ine n'kutseka.

Atadwala matenda awo omaliza ndinapita kukawaona kuchipatala ku Chitipa boma. Ndinawapeza atafooka, mawu akutuluka movutikira, koma akuyesabe kuwafotokozera anamwino awiri nkhani yomwe ija. Atafika pa phuu mpweya unawathera. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wane, auze. Manyowa aja anafika pati?" Aka kanali koyamba kundilola kuyankhula pankhaniyi. Ndinati anapitirira bulugamu, adada, ndipo mbalame zina zinagwa. Anaseka mpaka anamwino anandithamangitsa m'chipindamo.

Ndimawasowa kwambiri mdala ameneyu. Za kutseka zinthu zowira ndinaphunzira, ngakhale mayi a kunyumba mpaka lero salola kuti ndiyandikire chigubu cha thobwa. Koma za kunena zoona zokhazokha, pepani, zimenezo ndinalowa ufumu wa apongozi anga. Pamwambapa ndalemba kuti manyowa aja anangopitirira nthochi pang'ono. Ndinali ndikuchita manyazi chabe. Anapitirira bulugamu, ndipo amene akutsutsa akafunse eni ake.